Dotolo Laws ndi Magetsi a ku Khondowe

Dotolo Robert Laws anabadwira ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1851. Atate wake anali mmisiri wa matabwa, ndipo iyenso anayamba wagwira ntchito yomweyo asanaphunzire zaubusa ndi zaudotolo. Anafika kuno mu 1875 ndi sitima ya Ilala, imene amtengatenga anaisenza zidutswazidutswa polambalala mathithi a Shire. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear, nisamukira ku Bandawe mu 1881 pothawa malungo, ndipo mu 1894 Dotoloyo anakakhazikitsa sukulu yaikulu pa phiri la Khondowe.

Kumeneko, m'chaka cha 1905, anatchera makina m'madzi otsika m'phirimo, magetsi nayaka pa mishoni, pamene midzi yambiri ya kwawo ku Scotland inali kuunikirabe ndi nyali za palafini. Sanalekere pa makina okha ayi, pakuti sukulu yake inasula amisiri a matabwa, omanga nyumba ndi osindikiza mabuku. Anapuma ntchito mu 1927, namwalira ku London mu 1934.

Njira ya madziyi ndiyo dziko lathu linaitsata. Mathithi aja amene anatsekereza Ilala ndiwo anatipatsa Nkula mu 1966, Tedzani mu 1973 ndi Kapichira mu 2000. Koma mtsinje sulonjeza: chilala chimauchepetsa, ndipo mu 2022 namondwe Ana anawononga Kapichira, dziko nilitaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. M'chaka chomwecho ku Golomoti, m'boma la Dedza limene mulinso Lobi, anatsegula makina a dzuwa a mamegawati 20, okhala ndi mabatire osungira mphamvu.

Tsono alipo ena amene aloza ku Kayelekera, m'boma la Karonga, kumene anayamba kukumba mwala wa yureniyamu mu 2009 nkumaugulitsa kunja. Mfundo yawo siyopeputsa: magetsi a nyukiliya satulutsa utsi woononga nyengo, ndipo sadikira mvula kapena dzuwa. Komatu mu Africa yense nyumba ya magetsi otere imene ikugwira ntchito ndi imodzi yokha, ya Koeberg pafupi ndi Cape Town, imene inayamba mu 1984. Mphamvu yake iposa kangapo magetsi onse a Malawi, ndipo ifuna chuma chambiri, mawaya olimba ndi akatswiri osulidwa zaka zambiri.

Apa ndipo moyo wa Dotolo Laws utiphunzitsa. Iye anayeza makina molingana ndi mtsinje umene anali nawo, naphunzitsa amisiri pamalo pomwepo. Mphunzitsi wa ku Lobi wochonga makope usiku safunsa kuti mphamvu yoposa zonse ndi iti. Afuna magetsi amene dziko lingathe kuwalipira, kuwakonza akawonongeka, ndi kuwafikitsa pa sukulu yake.