John Howard, Mkristu Amene Anapima Buledi wa Akaidi pa Sikelo

Mwezi uno tikumbukila John Howard wa ku England, wobadwa mu 1726. Sanali m'busa kapena mphunzitsi wa pa yunivesite. Anali mwini minda wolemela ndi woopa Mulungu, koma ofufuza za ndende mpaka lelo amayambila pa nchito yake.

Ndende anailawa yekha coyamba. Popita ku Lisbon pambuyo pa civomezi ca 1755, combo cimene anakwela cinagwidwa ndi Afalansa, ndipo anatsekeledwa ku Brest.

Mu 1773 anapatsidwa udindo wa High Sheriff wa Bedfordshire, umene unaphatikizapo kuyang'anila ndende ya ku Bedford. Kumeneko anapeza anthu amene khoti linawapeza osalakwa akali m'kati. Cifukwa cake? Alonda a ndende analibe malipilo, anali kudya ndalama zolipilitsa akaidi, ndipo wopanda ndalama sanali kutuluka. Howard anapempha oweluza kuti alonda azilandila malipilo. Iwo anati awaonetse dela lina kumene amacita zimenezo. Anayendayenda kufunafuna, osalipeza.

Apa ndipo timamukondela munthuyu. Sanangomva cisoni n'kubwelela kwao. Analowa ndende ndi ndende, kuŵelenga akaidi, kupima zipinda, kuika buledi wao pa sikelo, n'kulemba zonse. Zovala zake zinali kununkha kwambili moti anali kuyenda pa kavalo m'malo mokhala m'ngolo yotseka. Mu 1774 anapeleka umboni ku Nyumba ya Malamulo, ndipo panatuluka malamulo aŵili: lina lomasula osalakwa popanda kulipila, lina la ukhondo m'ndende. Anawasindikiza ndi ndalama zake n'kuwatumiza kwa alonda. Buku lake, The State of the Prisons, linatuluka mu 1777. Ife tikapita kukaona akaidi timanyamula sopo ndi nyimbo, ndipo n'zabwino, koma kaŵilikaŵili sitifunsa kuti amagona angati m'cipinda, kapena adzafikila kuti akatuluka.

Sitibisa kuti kunyumba zinthu sizinayende. Mwana wake mmodzi yekhayo anakula atate ali m'maulendo, ndipo anadwala misala.

Howard anamwalila pa 20 Januwale 1790 ku Kherson, m'dziko limene lelo ndi Ukraine, ndi malungo a typhus amene anali kupha akaidi ambili. Ku Canada, bungwe la John Howard Society limathandiza otuluka m'ndende kupeza pokhala ndi nchito.