Preston Tucker ndi galimoto ya maso atatu

Preston Tucker anabadwa m'caka ca 1903 m'tauni yaing'ono ya Capac, m'cigawo ca Michigan, ku America. Bambo wake anamwalira iye akali mwana, ndipo analeredwa ndi mai wake, amene anali mphunzitsi. Kuyambira ubwana wake, Tucker anali kukonda magalimoto. Anaphunzira kuyendetsa ali ndi zaka 11. Atakula anagwira nchito zosiyanasiyana. Anayamba monga mthenga m'ofesi ya kampani ya Cadillac, anakhalapo wapolisi, kenaka anali kugulitsa magalimoto.

Pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mafakitale a ku America analeka kupanga magalimoto a anthu wamba, nayamba kupanga zida za nkhondo. Nkhondo itatha m'caka ca 1945, anthu anali kufuna magalimoto atsopano, koma makampani akuluakulu atatu, Ford, General Motors ndi Chrysler, anali kugulitsabe a mtundu wakale. Tucker anaona kuti mwai wake wafika. Anabwereka ku boma fakitale yaikulu mumzinda wa Chicago, mmene kale anali kupangiramo mainjini a ndege za nkhondo.

Tucker anali kufuna galimoto yoteteza moyo wa anthu okweramo. Kutsogolo kwa mipando anaikako zofewa, kuti munthu asavulale kwambiri akagunda mutu. Galasi lakutsogolo analipanga kuti pa ngozi lizicoka ndi kugwera kunja, lisaceke anthu. Injini anaiika kumbuyo, ndipo inali ya mtundu wa injini za helikopita. Pakati pa nyali ziwiri zakutsogolo panali nyali yacitatu. Nyali imeneyi inali kutembenuka pamodzi ndi ciwongolero, kuti usiku iunike kumene galimoto ikukhotera. Galimotoyo anaipatsa dzina lakuti Tucker 48.

M'caka ca 1948 anayesa magalimoto ena pa bwalo la mipikisano la ku Indianapolis. Imodzi, ili pa liwiro lalikulu, inagubuduzika. Galasi linagwera kunja monga anakonzera, ndipo woyendetsa anatuluka ndi mikwingwirima cabe.

Koma kupanga magalimoto kumafuna ndalama zambiri, ndipo Tucker analibe. Anagulitsa magawo a kampani yake kwa anthu. Analandiranso ndalama kwa amalonda amene anali kufuna kudzagulitsa magalimoto ake. Anafika pogulitsa mawailesi, masutikesi ndi nsalu za pa mipando, za magalimoto amene anali asanapangidwe. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Anthu anadikira, magalimoto osaoneka. Manyuzipepala ena anayamba kulemba kuti Tucker ndi wacinyengo, ndipo boma linayamba kufufuza mabuku a kampaniyo. Anthu anacita mantha, naleka kuikamo ndalama zao. Fakitale inaima itatsiriza magalimoto 37. Anchito ena okhulupirika anabwerera natsiriza ena 13. Pamodzi ndi galimoto yoyamba yoyesera, onse anakwana 51.

M'mwezi wa Outubro 1949, Tucker ndi anzake anaonekera pa bwalo la milandu ku Chicago. Boma linabweretsa mboni zambiri. A mbali ya Tucker sanaitane mboni ngakhale imodzi, cifukwa anaona kuti boma lalephera kusonyeza cinyengo. M'mwezi wa Janeiro 1950, bwalo linagamula kuti onse alibe mlandu. Tucker anatuluka ali mfulu, koma fakitale anali atamulanda kale, ndipo kampani inali itagwa ndi ngongole.

Sanataye mtima. Anapita ku Brasil kukafuna anthu omuthandiza kupanga galimoto ina, ya dzina lakuti Carioca. Galimoto imeneyi sinapangidwe. Tucker anadwala khansa ya m'mapapo, namwalira pa 26 Dezembro 1956 ku Ypsilanti, ali ndi zaka 53.

Patapita zaka, makampani ena anayamba kuika zofewa kutsogolo kwa mipando, monga anacitira Tucker. M'caka ca 1988, Francis Ford Coppola anatulutsa filimu ya moyo wake. Mwa magalimoto 51 aja, 47 alipobe. Ena ali m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, ena ali ndi anthu olemera. M'caka ca 2012 imodzi inagulidwa ndi madola pafupifupi mamiliyoni atatu.

Mafunso

1. Kodi Tucker anagwira nchito zanji asanayambe kupanga magalimoto?
2. Nyali yacitatu inali ndi nchito yanji?
3. Ndi cifukwa ciani anthu analeka kuika ndalama m'kampani yake?
4. Bwalo linati Tucker alibe mlandu. Nanga n'cifukwa ciani fakitale sinatsegulidwenso?
5. Kambiranani: kodi ndi bwino kulandira ndalama za cinthu cimene sunapange?