Malemu José Craveirinha, mlakatuli amene anapeza Lurdes Mutola pabwalo la mpira

Pa 25 Seputembala 2000, tsiku lokumbukira kuyamba kwa nkhondo yomenyera ufulu, mawailesi analengeza kuti Maria de Lurdes Mutola wapambana mpikisano wothamanga mamita 800 ku Sydney, m'dziko la Australia. Imeneyi inali mendulo yoyamba yagolide ya dziko la Mozambique pa masewera a Olimpiki. Dzina la Mutola linamveka mpaka m'midzi ya m'malire. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti munthu amene anamulozera mtsikanayu njira yothamanga anali bambo wolemba ndakatulo, malemu José Craveirinha.

A Craveirinha anabadwa pa 28 Meyi 1922 mumzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo. Bambo awo anali Mpwitikizi wochokera kuchigawo cha Algarve, ndipo mayi awo anali a mtundu wa Chironga. Makolo onse awiri anamwalira iwo akadali wamng'ono. Sukulu sanapite nayo patali. Zambiri zimene anadzadziwika nazo anaziphunzira okha powerenga mabuku. Moyo wawo anaukhalira ku Mafalala, dera la nyumba zamatabwa ndi malata kumene atsamunda ankakankhirako anthu akuda ndi a magazi osakanikirana.

Ntchito imene inkabweretsa chakudya pakhomo pawo inali yautolankhani. Analemba m'nyuzipepala monga O Brado Africano, Notícias ndi Tribuna. Nthawi imeneyo boma la atsamunda linkayamba lawerenga nkhani iliyonse isanasindikizidwe, n'kufufuta zimene silinakondwe nazo. A Craveirinha nthawi zina ankasaina nkhani zawo ndi mayina ena, monga Mário Vieira ndi Jesuíno Cravo. Pambali pa nkhani za m'nyuzi ankalembanso ndakatulo zonena za anthu wamba, monga amuna opita kumigodi ya ku Joni, onyamula katundu padoko, ndi amayi ovutika a m'makomboni. Buku lawo loyamba, Xigubo, linatuluka m'chaka cha 1964.

Koma bambowa sanali munthu wa cholembera chokha. Ali mnyamata ankasewera mpira wamiyendo ndiponso kuchita mipikisano yothamanga. Atakula anayamba kuphunzitsa achinyamata masewera ndi kulemba nkhani za masewerawo. Ankakondanso nyimbo ndi magule a makolo. Anali mmodzi mwa atsogoleri a bungwe la Associação Africana, ndipo analimbikira kuti nyimbo za marrabenta, zimene ena ankazinyoza kuti ndi za anthu osaphunzira, zipatsidwe ulemu. Analemba zambiri pofotokoza chiyambi cha nyimbozi.

Kulemba kwawo kunawaika m'mavuto. M'chaka cha 1965 apolisi achinsinsi a PIDE anawamanga powaganizira kuti ndi a Frelimo, ndipo anakhala m'ndende mpaka 1969. Pa mlandu womwewo anamangidwanso anzawo odziwika monga Luís Bernardo Honwana, Rui Nogar ndi katswiri wojambula zithunzi Malangatana. Zaka zonsezo udindo wa pakhomo unagwera akazi awo, mayi Maria. Ndiwo anasamala ana ndi kusunga nyumba, uku akuyendera amuna awo kundende. Aliyense amene anakhalapo ndi mbale wake m'manja mwa PIDE akudziwa kuti ngakhale kupita kukazonda wandende kunkafuna kulimba mtima.

Ufulu unabwera m'chaka cha 1975, koma mayi Maria sanaudyerere nthawi yaitali. Anamwalira m'chaka cha 1979. Imfa imeneyi inawakhudza kwambiri a Craveirinha, ndipo kwa zaka zambiri ankalemba ndakatulo zowalira akazi awowo. Ndakatulozo anazisonkhanitsa m'buku lotchedwa Maria, lomwe linatuluka m'chaka cha 1988. M'bukuli munthu amene dziko linkamutama monga ngwazi akuoneka ali bambo wamasiye, yekha m'nyumba, akukumbukira ntchito zazing'ono za tsiku ndi tsiku zimene mkazi wake ankagwira iye osaziwerengera.

Ndi m'zaka zomwezo, ali ndi zaka zoposa 60, pamene anaona mtsikana wa ku Chamanculo akusewera mpira wamiyendo m'timu ya anyamata, poti timu ya atsikana kunalibe. Ena ankangoona chodabwitsa cha mtsikana pakati pa anyamata. Iwo, monga munthu wozolowera mabwalo, anaona liwiro lake. Anamulimbikitsa kuti ayambe kuthamanga, ndipo anamupereka m'manja mwa mwana wawo Stélio Craveirinha, amene anaimirapo dziko lino pa masewera a Olimpiki a ku Moscow m'chaka cha 1980 pa mpikisano wodumpha mtunda wautali. Chikondi cha masewera chimene bambo anapatsira mwana ndicho chinaumba Mutola. M'chaka cha 1988, ali ndi zaka 15 zokha, Mutola anathamanga pa Olimpiki ya ku Seoul. Mu 1991 anapita kukapitiriza maphunziro ndi masewera ku Oregon, m'dziko la America. Mu 1996 anatenga mendulo ya nambala yachitatu ku Atlanta, ndipo patatha zaka zinayi anabweretsa golide.

Ulemu wa zolembalemba nawonso unawapeza. Mu 1991 a Craveirinha analandira mphotho ya Camões, yomwe ndi yaikulu kuposa zonse kwa olemba m'Chipwitikizi, ndipo anali munthu woyamba wa mu Africa kuilandira. Anamwalira pa 6 Febuluwale 2003 ku Johannesburg, kumene ankalandira chithandizo cha mankhwala, ali ndi zaka 80. Thupi lawo linaikidwa pamalo a ngwazi za dziko, ku Praça dos Heróis mumzinda wa Maputo. Chaka chomwecho bungwe la olemba mabuku la AEMO linakhazikitsa mphotho ya dzina lawo mothandizidwa ndi kampani ya magetsi ya Cahora Bassa, ya m'chigawo cha Tete.

A Craveirinha anakhala ndi moyo mpaka kumva za chipambano cha ku Sydney. Akanakhala kuti ankawerengera mpira ndi liwiro ngati zotayitsa nthawi, mtsikana wa ku Chamanculo uja akanangodutsa pamaso pawo. M'mabwalo a fumbi a ku Ulónguè, Furancungo ndi Zóbuè ana amathamanga madzulo aliwonse, atsikana ndi anyamata omwe, ndipo kawirikawiri sipakhala wamkulu woima n'kuwayang'anitsitsa.