Emlen Tunnell, munthu wa manja olimba

Ku America kuli masewera a mpira osiyana ndi amene timawadziwa kuno. Mpira wake ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo amaugwira ndi manja. Osewera ena amaponya mpira ndi kuthamanga nawo. Ena nchito yao ndi kuchinga ndi kulanda mpirawo. Emlen Tunnell anali wa gulu lochingali.

Anabadwira ku Bryn Mawr, m'cigawo ca Pennsylvania. Mai ake ankagwira nchito za m'nyumba za anthu kuti ana adye. Mu 1942, akusewera pa yunivesite ya Toledo, anathyoka fupa la m'khosi. Anacira ndithu, koma atafuna kulowa usilikali pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, anamukana kawiri cifukwa ca khosilo. Sanafooke. Analowa m'gulu la asilikali olonda m'mbali mwa nyanja.

Mu 1944, ndege ya ku Japan inaphulitsa sitima yao ku New Guinea. Mnzake wina anayaka moto. Emlen anazimitsa motowo ndi manja ake, manjawo n'kupsa, koma mnzakeyo anapulumuka. Mu 1946, ku Newfoundland, wina anagwera m'madzi ozizira koopsa. Emlen analumphira momwemo n'kumuvuula.

Nkhondo itatha, anakasewera pa yunivesite ya Iowa. Mu 1948 anaima m'mbali mwa mseu kupempha magalimoto kuti amutengeko mpaka ku New York. Palibe amene anamuitana, ai. Anangopita yekha ku ofesi ya timu ya New York Giants kukapempha kuti amuyese. Anamuyesa, n'kumulemba nchito. Iye ndiye anali munthu wakuda woyamba kusewera m'timu imeneyi.

Manja opsa aja anagwiradi nchito! M'zaka 14, analanda mpira woponyedwa ndi adani kokwana 79. Nthawi imeneyo panalibe wina amene anafikapo. Anatenga cikho ndi Giants mu 1956, ndipo anacitenganso ndi Green Bay Packers mu 1961.

Mu 1967 dzina lake linalembedwa m'nyumba yolemekeza akatswiri a mpirawu ku Canton. Apanso anali munthu wakuda woyamba. Anamwalira ndi matenda a mtima mu 1975. Lero pali sitima ya asilikali a m'nyanja yochedwa Emlen Tunnell, pokumbukira anthu awiri amene anawapulumutsa.