Ginette Neveu: mtsikana amene anagonjetsa akuluakulu pa vayolini

Anzanga, ambiri a ife tikamva za vayolini timangoti ndi chida cha azungu olemera basi. Koma amene munaonapo agogo akuliza kaligo simungavutike kuimvetsa. Kaligo ali ndi chingwe chimodzi, vayolini ili ndi zinayi, ndipo zonsezi amaziliza pokhwekhwereza kauta pa zingwezo. Vuto la vayolini ndi lakuti ilibe timizere tokuuza poika chala ngati gitala. Chala chikangophonya pang'ono, aliyense amamva kuti walakwitsa. Lero tikambe za mtsikana wa ku France amene anachidziwa chida chimenechi mpaka dziko lonse linamumvetsera.

Ginette Neveu anabadwa mumzinda wa Paris pa 11 Ogasiti, 1919. Mphunzitsi wake woyamba anali mayi ake, omwe ankaphunzitsa vayolini. Ali ndi zaka 7 zokha anaimirira pamaso pa anthu mu holo ina ya ku Paris n'kuliza vayolini, kumbuyo kwake kuli gulu lonse la akatswiri oliza zida. Tangoganizani, msinkhu wa mwana wa Sitandade 2! Pa zaka 11 analowa sukulu yotchuka ya zoimbaimba ya Paris Conservatoire, ndipo chaka chisanathe n'komwe anali atatenga kale mphoto yoyamba ya pasukulupo.

Komatu musaganize kuti zonse zinkangoyenda myaa. Mu 1931 anakapikisana ku Vienna, m'dziko la Austria, ndipo sanapambane. Mwayi wake unali wakuti mphunzitsi wina wamkulu, Carl Flesch, anamumva akuliza ndipo analonjeza kumuphunzitsa ulere ku Berlin, ku Germany. Maphunziro aulere, inde, nanga ya ulendo? Banja lake linalibe ndalama zokwanira, moti panapita zaka ziwiri asanafike ku Berlin. Ife a pa sukulu yoyendera nkhani yotere tikuidziwa bwino: malo wapeza, nzeru zilipo, koma chakutsekereza ndi ndalama. Ginette anadikira, ndipo podikirapo vayolini sanaiike pansi. Atafika kwa a Flesch anaphunzira nawo zaka zingapo.

Zipatso zake zinaoneka mu Malichi 1935 ku Warsaw, m'dziko la Poland. Kumeneko kunali mpikisano wa mayiko ambiri wokumbukira kuti patha zaka 100 chibadwire Henryk Wieniawski, katswiri wa vayolini wa m'dzikolo. Pakati pa opikisana panali David Oistrakh wa ku Soviet Union, bambo wa zaka 26 yemwe anali kale ndi dzina kwawo. Ginette anali ndi zaka 15, ngati anzathu a Fomu 2 awa. Zotsatira zitatuluka, woyamba anali Ginette, Oistrakh wachiwiri. Ndipo Oistrakh sanali munthu wamba ayi, pambuyo pake anadzakhala mmodzi mwa oliza vayolini otchuka kwambiri pa dziko lonse.

Kuchokera pamenepo makalata omuitana anayamba kubwera. Anakaimba ku Germany, ku Poland, ku Soviet Union, mpaka kuwoloka nyanja kupita ku United States ndi ku Canada, zonsezi asanakwanitse zaka 20. Kenako mu 1939 nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inayamba, asilikali a Germany n'kulanda Paris mu 1940. Maulendo akunja anaima. Zaka zimene woimba amakhala ndi mphamvu zake zonse, Ginette anazithera kwawo, akuliza mwa apo ndi apo. Komabe sanangokhala. Mu 1943, nkhondo ili mkati, iye ndi wopeka nyimbo Francis Poulenc analiza kwa nthawi yoyamba ku Paris nyimbo yatsopano ya vayolini ndi piyano imene Poulenc anapeka.

Nkhondo ikutha mu 1945, Ginette anayambiranso ngati munthu wothamangitsa nthawi imene anabedwa. Chaka chomwecho anaimba ku London, ndipo mu Novembala anajambula pa mbale nyimbo yaitali ya Jean Sibelius wa ku Finland, pamodzi ndi gulu la Philharmonia. Nyimbo imeneyi imatenga pafupifupi theka la ola ndipo ndi imodzi mwa zovuta kwambiri pa vayolini, koma ntchito yonse yojambula anaimaliza tsiku limodzi. Chaka chotsatira anajambulanso ya Johannes Brahms. Anthu omwe anamumva ankadabwa ndi mphamvu ya kalizidwe kake, chifukwa masiku amenewo ambiri ankaganiza kuti mkazi amaliza mofatsa basi. Maulendo ambiri ankayenda ndi mchimwene wake Jean, yemwe ankamulizira piyano. Awiriwa anafika kutali, ku America ngakhalenso ku Australia.

Pa 20 Okutobala, 1949, Ginette anachita konsati ku Salle Pleyel ku Paris. Patatha sabata imodzi, usiku wa pa 27 Okutobala, iye ndi Jean anakwera ndege yopita ku New York kukayamba ulendo wina woimba. Ndege za nthawi imeneyo zinkaima panjira kuti zimwe mafuta, ndipo iyi inkayenera kutera pa zilumba za Azores, pakati pa nyanja ya Atlantic. Siinafike pabwalo. M'bandakucha wa pa 28 Okutobala inawomba phiri pa chilumba cha São Miguel, ndipo anthu onse 48 amene anali m'ndegemo anafa. Mmodzi mwa iwo anali Marcel Cerdan, katswiri wa nkhonya wa ku France. Ginette anali ndi zaka 30 zokha. Anaikidwa m'manda a Père Lachaise ku Paris, pafupi ndi manda a wopeka nyimbo Frédéric Chopin.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchokera pa mpikisano wa ku Warsaw kufika pa ngoziyo ndi zaka 14, ndipo pafupifupi zisanu ndi chimodzi mwa zimenezi zinadyedwa ndi nkhondo. Kuchedwa koyamba kunali kwa ndalama, kwachiwiri kwa nkhondo, ndipo konseko sikunali kulakwa kwake. Chimene chinali m'manja mwake chinali kukhala wokonzeka pamene khomo latseguka, ndipo maulendo onse awiri linamupeza ali wokonzeka. N'chifukwa chake mbale zochepa zimene anajambula anthu akuzimverabe mpaka lero.

Wina akakhala ndi bandulo pa foni, alembe dzina lake pa YouTube pamodzi ndi la Sibelius, ndipo mumvere limodzi pa nthawi yopuma. Poyamba mwina muona ngati nyimbo yake ndi yachilendo, koma ipatseni mphindi zisanu musanaizimitse.