Dostoevsky: anapulumuka mfuti, njuga n'kumugwetsa, koma anadzukanso

M'mawa wa pa 22 Disembala 1849, asilikali a mumzinda wa St Petersburg ku Russia anatulutsa gulu la akaidi m'ndende n'kupita nawo pabwalo la Semyonov. Kunja kunali chisanu choopsa. Kumeneko anawawerengera chigamulo chakuti onse aphedwe powomberedwa. Anawaveka malaya oyera aatali, atatu oyamba n'kuwamangirira pamitengo, asilikali n'kuloza mfuti. Pa atatu otsatira panali mnyamata wa zaka 28, Fyodor Dostoevsky, akungodikira kuti anzakewo akagwa ibwere nthawi yake.

Mfuti sizinalire. Kunabwera uthenga wakuti mfumu ya dzikolo, Nicholas I, yawachitira chifundo. Zoona zake n'zakuti mfumuyo inali itasintha kale chigamulocho, zapabwalozo zinali zongofuna kuwaswa mtima. Ndipo zinathekadi: mmodzi mwa omangidwa pamtengo aja, Nikolai Grigoriev, mutu wake sunabwererenso mwakale.

Mlandu wa Dostoevsky unali wosonkhana ndi anzake kunyumba kwa Mikhail Petrashevsky, komwe ankawerenga zolemba zoletsedwa ndi kukambirana zothetsa ukapolo wa alimi. Anali mwana wa dokotala wa pachipatala cha anthu osauka ku Moscow. Mayi ake anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1837, bambo ake n'kutsatira mu 1839. Pomangidwa n'kuti atatchuka kale ndi buku lake loyamba, Poor Folk, la mu 1846.

Ambiri akamafotokoza za munthuyu amathera pabwalo paja, ngati kuti ukapenyana ndi imfa n'kupulumuka ndiye basi, moyo wawongoka. Ine chimene chimandigwira mtima ndi zimene zinatsatira. Panadutsa zaka zoposa 20 kuti Dostoevsky apeze mtendere, ndipo dzenje lakuya kwambiri limene anagweramo analikumba yekha, ali mfulu.

Tiyambe ndi ndende. Anamutumiza ku Omsk, m'chigawo cha Siberia, komwe anakhala zaka 4 akugwira ntchito yakalavulagaga, miyendo ili m'matangadza usana ndi usiku. Ankagona m'chinyumba chimodzi ndi zigawenga ndi anthu opha anzawo. Ali paulendo wopita kumeneko, mumzinda wa Tobolsk, amayi ena omwe anatsatira amuna awo ku ukaidi anamupatsa buku la Chipangano Chatsopano, m'chikuto mwake atabisamo ndalama ya ma rouble 10. Ndi buku lokhalo limene ankaloledwa kukhala nalo, ndipo analisunga mpaka tsiku la imfa yake. Atatuluka mu 1854 sanamulole kubwerera kwawo. Anamukakamiza kukhala msilikali ku Semipalatinsk, womwe lero ndi mzinda wa Semey ku Kazakhstan. Matenda a khunyu nawo anali atamugwira zolimba. Anabwerera ku St Petersburg kumapeto kwa 1859, zaka 10 za unyamata wake zitapita.

Poyamba zinkaoneka ngati zayamba kuyenda. Iye ndi mkulu wake Mikhail anayambitsa magazini yotchedwa Vremya, ndipo nkhani zake zofotokoza moyo wa kundende zinagwedeza dziko. Koma boma linatseka magaziniyo mu 1863. Kenako kunabwera chaka cha 1864. Mu Epulo mkazi wake Maria anamwalira ndi chifuwa chachikulu. Mu Julaye Mikhail, yemwe anali mnzake wapamtima kuposa wina aliyense, anamwaliranso, n'kusiya mkazi, ana ndi ngongole zambirimbiri. Dostoevsky anasenza zonsezo. Ife kuno timaudziwa bwino mtolo umenewu: maliro akangotha, maso a banja lonse amatembenukira kwa uja amaoneka ngati ali ndi kenakake m'thumba, ngakhale alibe.

Apa m'pamene njuga inamugwira pakhosi. Anali ataiyamba kale pa maulendo ake a ku Germany. Masewera ake anali a roulette, pomwe kampira kamathamanga pagudumu lozungulira, iwe n'kubetcha nambala kapena mtundu umene kaimepo. Dostoevsky, munthu wophunzira za uinjiniya, ankakhulupirira kuti watulukira njira yowinira: kungougwira mtima basi, osatengeka. Mukumva eti? Ndi mawu omwewo amene timawamva lero kwa mnzathu amene maso ali pafoni, akuti wayiwerenga gemu, lero ndiye lero. Mu 1865, mumzinda wa Wiesbaden, analuza zonse m'masiku ochepa. Eni hotela anasiya kumupatsa chakudya, akungomupatsa tiyi. Ali m'kachipinda komweko, ndi njala, ndi pomwe anayamba kukonza buku la Crime and Punishment.

Chaka chomwecho, ngongole zitamuthina, anasayina pangano loipa ndi wosindikiza mabuku wina, Fyodor Stellovsky. Analandira ma rouble 3,000, koma anayenera kupereka buku latsopano pofika pa 1 Novembala 1866. Akalephera, Stellovsky akanakhala ndi ufulu wosindikiza zolemba zake kwa zaka 9 osamulipira kalikonse. Katapila weniweni. Pofika kumayambiriro kwa Okutobala 1866, Dostoevsky anali asanalembe ngakhale tsamba limodzi.

Mnzake wina anamulangiza kuti apeze munthu wodziwa kulemba mothamanga pogwiritsa ntchito zizindikiro, iye azingoyankhula. Pa 4 Okutobala panafika mtsikana wa zaka 20, Anna Snitkina. Masana iye ankayankhula, Anna akulemba, usiku Anna n'kukazikopera bwinobwino kwawo. M'masiku 26 buku linatha. Dzina lake The Gambler, nkhani ya mnyamata amene njuga yamudya mutu. Tsiku lopereka litafika, Stellovsky anali atachokapo dala mumzindamo kuti nthawi idutse. Anna anali ataziganizira kale zimenezi, ndipo bukulo linakasiyidwa kupolisi, komwe anapatsidwa lisiti losonyeza tsiku. Mu Febuluwale 1867 awiriwa anakwatirana.

Ikanakhala filimu, ikanathera pamenepa. Koma taonani izi: munthu amene anali atangolemba buku lonse lofotokoza mmene njuga imawonongera munthu anapitiriza kutchova kwa zaka zina 4. Kudziwa vuto lako si kuchira. Pothawa angongole, banjali linapita kunja mu Epulo 1867. Ankati akakhala miyezi itatu, anakhala zaka zoposa 4. Ku Baden-Baden, Anna ali woyembekezera, Dostoevsky analuza ndalama zonse, n'kupinyolitsa ndolo za mkazi wake, mphete yaukwati, mpaka zovala. Ankabwera kunyumba akulira, kugwada, kupepesa, kenako n'kupemphanso ndalama zina kuti akabweze zoluzazo. Mu 1868 ku Geneva kunabadwa mwana wawo woyamba, Sonya. Anamwalira asanakwanitse miyezi itatu. Anna anadzalemba pambuyo pake kuti sanaonepo mwamuna wake atasweka mtima ngati nthawi imeneyo.

Kusintha kunabwera mu Epulo 1871, ku Wiesbaden komwe kuja. Analuzanso zonse, kuphatikizapo ndalama zimene Anna, yemwe anali woyembekezera kachitatu, anamutumizira kuti akwerere sitima yobwerera. Usiku umenewo anathamanga mumdima kufunafuna wansembe wa tchalitchi cha anthu a ku Russia, koma anasochera. Atabwerera kuchipinda analembera Anna kalata yomuuza kuti zatha, sadzatchovanso. Malonjezo otere anali atawapereka kambirimbiri. Koma ili lokha analisunga, zaka 10 zonse zimene zinamutsalira.

N'chiyani chinasiyanitsa lonjezo limeneli ndi ena aja? Ine ndikuona zinthu zitatu zimene zinali zikumera pang'onopang'ono.

Choyamba, sankabisa. Makalata ake kwa Anna ndi ochititsa manyazi kuwerenga, chifukwa ankatchula zonse: ndaluza zingati, ndapinyolitsa chiyani. Njuga ndi ngongole zimanenepa mumdima. Pano timamva pafupipafupi apolisi akulengeza za anthu, ambiri mwa iwo amuna, amene adzipha chifukwa cha ngongole, abale n'kumadabwa kuti bwanji sananene. Dostoevsky ankanena, ngakhale zinkamuchotsa ulemu.

Chachiwiri, anavomera kuti pa nkhani ya ndalama iye ndi wofooka, ndipo anapereka chikwama kwa wina. Atabwerera ku Russia mu Julaye 1871, Anna ndi amene ankakumana ndi angongole ndi kukambirana nawo za kabwezedwe. Mu 1873 anayamba kusindikiza yekha mabuku a mwamuna wake, kuyambira ndi Demons, n'kumawagulitsira pakhomo. Phindu limene kale linkapita kwa anthu ngati Stellovsky linayamba kulowa m'nyumba. Ngongole zija zinatha patatsala pafupifupi chaka chimodzi kuti Dostoevsky amwalire.

Chachitatu, sanasiye ntchito. Ngakhale pa nthawi yoipitsitsa ankakhala patebulo usiku, tiyi wowawa pambali, n'kumalemba. The Idiot analilemba m'zaka zomwezo za njala ndi maliro kunja kwa dziko.

Pano ndiyankhule ndi asisi anga, chifukwa nkhaniyi ikhoza kumveka molakwika. Sindikunena kuti mtsikana apirire mwamuna amene akugulitsa katundu wa m'nyumba n'kukabetcha, poganiza kuti tsiku lina adzasanduka Dostoevsky. Anna analipira mtengo waukulu, ndipo ambiri amene amalipira mtengo wotere sabwezeredwa kanthu. Phunziro lili kwa wogwayo: thandizo limagwira ntchito ukalilola kuti likugwire pomwe pakupweteka. Kwa wina thandizolo ndi mkazi kapena mwamuna wake, kwa wina ndi malume, abusa, shehe, mnzake wa kusukulu kapena dokotala wa maganizo.

Musaganizenso kuti atachira mavuto anatha. Mu Meyi 1878 mwana wawo wamng'ono, Alyosha, anamwalira asanakwanitse zaka zitatu, atagwidwa ndi khunyu. Dostoevsky ankadziimba mlandu kuti matendawo anachokera kwa iye. Zaka 10 m'mbuyomo, chisoni chotere chikanamuthamangitsira kunjuga. Ulendo uno Anna anamulimbikitsa kupita kunyumba ya amonke ya Optina pamodzi ndi mnzake Vladimir Solovyov, komwe anakacheza ndi mkulu wina wa kumeneko, Ambrose. Atabwerako anakhala pansi n'kulemba The Brothers Karamazov, buku lake lomaliza komanso lalikulu kuposa onse. Mnyamata wamtima wabwino kwambiri m'bukumo anamutcha Alyosha, ndipo bukulo analipereka kwa Anna. Apa m'pamene ine ndimaonera kuti munthuyu anachiradi: tsoka linabweranso ndi mphamvu yomweyo, koma linamupeza ali ndi kwina kothawira.

Chimwemwe chimene anachipeza sichinali chaphokoso. Chinali nyumba ya m'tauni yaing'ono ya Staraya Russa komwe banja linkakhala nyengo yotentha, kuwerengera ana ake Lyubov ndi Fyodor nkhani madzulo, ndi kuwagulira maswiti pobwera koyenda. Ulemu wa dziko unabweranso: mu Juni 1880 anayankhula ku Moscow pa mwambo wokumbukira mlakatuli Alexander Pushkin, ndipo anthu analira ndi kumuombera m'manja kwa nthawi yaitali.

Anamwalira kumayambiriro kwa 1881 ali ndi zaka 59, atadwala mapapo. Tsiku lomalizalo anapempha Anna kuti amuwerengere m'Chipangano Chatsopano chija anapatsidwa ku Tobolsk zaka 31 m'mbuyomo. Anthu zikwizikwi anaperekeza maliro ake m'misewu ya mzinda womwe uja anaimikidwa kuti awomberedwe.

Ngati mukuwerenga izi muli pansi penipeni, kaya ndi ngongole ya katapila, kaya fizi munaidyera kubetcha, kaya mwaika m'manda munthu amene munkamudalira, werengani zaka za munthuyu bwinobwino. Ali ndi zaka 28 anali pamzere wa imfa. Ali ndi zaka 43 anali wamasiye, wodwala, wanjala, m'hotela ya eni. Njuga anaisiya ali ndi zaka 49, atalephera kambirimbiri. Zaka zake zokoma kwambiri zinabwera pambuyo pa zonsezo. Foni imene mukuwerengera nkhaniyi ili ndi nambala ya munthu mmodzi amene mungamuuze zoona zonse, kuphatikizapo kuchuluka kwa ndalamazo. Yambirani pamenepo.