Dotolo Daniel Sharpe Malekebu: Anapita Kutsidya la Nyanja, Nabwerako

Daniel Sharpe Malekebu ndiye munthu woyamba wa m'dziko la Nyasaland, limene tsopano licedwa Malawi, kutsiriza maphunziro a udotolo pa sukulu yaikuru ya kutsidya la nyanja. Mbiri yace iyenera kudziwika kwa aphunzitsi a m'midzi ya ku Petauke ndi ku Nyimba, pakuti ulendo wace unayambira m'kasukulu ka pamishoni konga timasukulu tao tomwe, ndipo pomalizira pace anabwerera komweko kudzagwira nchito.

Iye anabadwira m'dera la Chiradzulu ca m'ma 1889. M'caka ca 1900 Mbusa John Chilembwe, amene anali atangobwera kumene kucokera ku maphunziro ku Lynchburg m'dziko la America, anatsegula mishoni ya Providence Industrial Mission pa Mbombwe. Malekebu anali mmodzi wa ana oyamba kulowa sukulu pamenepo. Mu 1902 kunafika mphunzitsi wamkazi, munthu wakuda wa ku America, dzina lace Emma DeLaney, amene anaphunzira pa sukulu ya Spelman mu mzinda wa Atlanta. Mnyamatayo ankathandiza nchito za panyumba pa mayi ameneyu, ndipo m'menemo anazolowera Cingelezi, namva zoti kuli masukulu akuru kumene anthu akuda amaphunzira mpaka kukhala madotolo ndi abusa.

Pamene Mayi DeLaney anabwerera kwao, Malekebu anatsimikiza mtima kuwatsata. Analibe ndalama za ulendo, ndipo anali asanaonepo nyanja yamcere. Anayenda pansi mpaka ku doko la Beira, napeza nchito m'sitima ya pamadzi, ndipo mwa njira imeneyi anakafika ku America ali mnyamata ndithu.

Kufika kunali ciyambi cabe. Maphunziro a ku Mbombwe sanali okwanira kulowera koleji, cotero anayamba wakwera makwerero apansi. Anaphunzira pa Selma University ku Alabama, ndiponso pa sukulu ya anthu akuda ya ku Durham, North Carolina. Masiku amenewo kumwera kwa America kunali malamulo a tsankho. Munthu wakuda anali ndi masukulu ace, cipinda cace m'sitima ya pamtunda, ndi khomo lace lolowera. Mlendo wocokera ku Africa anasenza katundu yemweyo, kuonjezapo cisanu cosazolowereka, zakudya zacilendo, ndi kusowa womlankhula cinenero ca kwao. Makalata ankatha masabata ambiri panjira.

Potsiriza analowa Meharry Medical College mu mzinda wa Nashville, ku Tennessee. Sukulu imeneyi inayamba mu 1876 kuti iphunzitse anthu akuda zaudotolo. Itatuluka lipoti ya Flexner mu 1910, masukulu ambiri ang'ono a zaudotolo anatsekedwa, ndipo mwa masukulu a anthu akuda anatsala awiri okha, Meharry ndi Howard. Malo anali ocepa, mayeso anali obvuta. Malekebu anapambana, nalandira digiri ya udotolo mu 1917. Patapita zaka 20, mu 1937, Hastings Kamuzu Banda anatsiriza pa sukulu yomweyo. Malekebu anaphunziranso za Mau a Mulungu pa Moody Bible Institute ku Chicago, kuti akathe kuciritsa ndi kulalikira komwe.

Koma ali pakati pa maphunzirowo, kwao kunagwa zoopsa. Mu January 1915 Chilembwe anaukira Boma la Atsamunda cifukwa ca thangata, nkhanza za m'minda ya Azungu, ndi kutengedwa kwa anthu kunka ku nkhondo. Iye anaphedwa m'mwezi wa February, chalichi ca pa Mbombwe cinagumulidwa, sukulu inatsekedwa, ndipo anthu a mpingo anabalalika. Motero pamene Malekebu analandira digiri yace, sukulu imene inamlera panalibenso.

Apa ndipo panali yeso lalikuru la moyo wace. Dotolo wophunzira cotere akanatha kukhazikika ku America ndi kupeza bwino, ndipo palibe akanamdzudzula. Mu 1919 anakwatira Flora Zeto, mkazi wobadwira ku Congo amene anaphunzira pa Spelman, ndipo awiriwa anagwirizana zobwerera ku Africa. Anayesa kulowa m'Nyasaland mu 1921, koma Boma linawakaniza, cifukwa linkakayikira munthu ali yense wophunzira ku America amene anali mwana wa sukulu wa Chilembwe. Iwo sanataye mtima. Anakhala kanthawi ku South Africa, kenaka anapita ku Liberia, kumene anagwira nchito pa sukulu ya Ricks Institute, akudikira.

Cilolezo cinabwera patapita zaka 5. Mu 1926 Malekebu anafika ku Chiradzulu mothandizidwa ndi mpingo wa National Baptist Convention wa ku America, natsegulanso mishoni ija. Anasonkhanitsa akristu obalalika, namanganso chalichi, sukulu ndi cipatala. Mkazi wace anaphunzitsa asungwana ndi amayi. Boma linkamuyang'anitsitsa, ndipo iye anayenda mocenjera, koma sanakhale cete pa zosowa za anthu. Anatsogolera bungwe la eni dziko la m'boma la Chiradzulu, limene linkapereka madandaulo a anthu kwa olamulira. Mpingo wace unafalikira kufikira maiko oyandikana nao, potsata anthu opita kukafuna nchito. Anamwalira mu 1978.

Njira imene iye anatsegula inakhala yopapatiza kwa nthawi yaitali. M'dziko la Northern Rhodesia munalibe yunivesite. Mwana wa ku Merwe, ku Minga kapena ku Hofmeyr amene akanapambana mpaka ku Munali mu Lusaka, anayenera kutulukabe m'dziko kuti apeze digiri, kunka ku Fort Hare, ku Makerere, ku Salisbury kapena ku Britain. Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, eni dziko okhala ndi digiri anali ngati 100 okha, ndipo University of Zambia inatsegulidwa mu 1966. Cifukwa cace kubwerera kwa wophunzira mmodzi kunali nkhani yaikuru kwa dziko lonse, ndipo kusabwerera kwace kunali kutaya kwakukuru.

Mphunzitsi wa kumudzi sadziwa kuti mwa ana okhala patsogolo pace ndani adzaoloka nyanja. Cimene ali naco m'manja ndico ciyambi, ndipo akuru anati mmera mpoyamba. Malekebu anapirira zaka zambiri pakati pa alendo cifukwa anacoka kwao atadziwa kale kuwerenga, kugwira nchito ndi manja, ndi kudzisunga. Anabwerera cifukwa aphunzitsi ace oyamba anamuonetsa ndi moyo wao kuti munthu amaphunzirira anthu a kwao. Mwana amene waphunzira zimenezi asanakwere basi pa Nyimba adzadziwa cimene akukatenga kutaliko, ndi kumene ayenera kucifikitsa.